Nthiti ya Kurek

Lamulungu pa 18 Epulo 2010, nthawi ili 2:11 masana, galimoto yathu inagundana ndi ya a Thorburn pa kona yachinayi pa mpikisano wa magalimoto ku Phillip Island. Madalaivala onse awiri anatuluka okha, opanda bala, n'kuyamba kulozana zala. Ine ndinali pakhoma la olemba nthawi, ndipo ndinalemba m'buku langa kuti mkono wa wilo yakumbuyo yakumanzere, nambala 11, wathyoka utayenda makilomita 1,870. Ntchito yanga ku timu ya a Vassallo ndi imeneyo kuyambira 1991. Chitsulo chilichonse cholowa m'galimoto ya mpikisano ndimachiika pasikelo, ndimachipatsa nambala, kenako ndimawerenga makilomita ake kuti tichichotse chisanatope. Anzanga amati Glenys Pettifer akhoza kukuuza kulemera kwa mthunzi wako.

Otola zidutswa pamsewu anaponya zonse m'ndowa imodzi n'kudzazikhuthula pasimenti, pakati pa magalaja athu awiri, kuti aliyense asankhe zake. Nkhani inayambira pamenepo. Mkono wa wilo ndi chitsulo champhanda, chobowoka mkati ngati paipi, chimene chimalumikiza wilo ku thupi la galimoto. Malamulo a mpikisano amanena kutalika kwake ndi malo omangira, motero kunja mikono ya matimu onse imafanana, ndipo tonse timaipaka penti yakuda. Zamkati ndiye chinsinsi cha eni ake. Tsiku limenelo mikono iwiri inang'ambika pamphanda penipeni, wathu ndi wawo, ndipo mkati mwa uliwonse munali kachitsulo kopyapyala kopindika ngati nthiti, kowotchereredwa mopingasa, kokhala ndi timabowo titatu. Amakaniko asanu ndi mmodzi anagwada pansi kwa mphindi khumi osatha kusiyanitsa kuti chidutswa ichi n'cha ndani.

Adrian Vassallo, mwana wa eni timu yathu, anali atatenga utsogoleri chaka chapitacho, ali ndi zaka 36. Anatola zidutswa ziwiri n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana m'galaja ya a Thorburn, mmene munaima Dimitra Tuckwell akupukuta manja.

Dimi ndi wowotcherera zitsulo wa a Thorburn kuyambira 1995. Mwamuna wake, Merv Tuckwell, ndi wowotcherera wathu kuyambira 1986. Anakumana mu 1981 ku Dandenong, m'galaja ya mkulu wina wa ku Poland, Zbigniew Kurek, amene ankapanga ngolo zonyamulira mahatchi ndipo anawaphunzitsa ntchito onse awiri pa benchi imodzi. Anakwatirana mu 1987. Kwa zaka khumi ndi zisanu ankadzuka pabedi limodzi ku Noble Park, kumwa tiyi limodzi, kenako wina n'kulowera kum'mawa wina kumadzulo, kukapangira magalimoto olimbana. Anali ndi lamulo lawo lodziwika kwa aliyense pa mpikisano: geti ya kunyumba ikatsekedwa, za magalimoto zatha. Ine ndinadyako kwawo kambirimbiri, poti Lachitatu lililonse ine ndi Dimi timasewera limodzi mpira wogubuduza pakapinga, ndipo sindinamvepo dzina la chitsulo patebulo pawo.

Mkono umenewo kwa ife unali wamtengo wapatali. Kufikira 2008 mikono yathu inkang'aluka pamphanda, ndipo dalaivala ankaopa kukwera timiyala ta m'mphepete mwa makona. Kumayambiriro kwa 2009 injiniya wathu, Callum Strachan, anajambula pulani yatsopano pakompyuta, Merv n'kuwotcherera mikono 14. Kung'aluka kunatheratu. Pa 25 Okutobala 2009 tinapambana Chikho cha Kumwera, mpikisano wa makilomita 500, chikho chachikulu choyamba cha bambo a Adrian, a Charlie Vassallo, m'zaka 38 zimene akhala akuthamangitsa magalimoto. Ulemu wonse unapita kwa Callum, ndipo mu Januwale 2010 timu ina ya ku Germany inamutenga. Pulani yake inali m'malo awiri okha: m'sefa ya Adrian, ndi ku bungwe loyendetsa mpikisano, poti lamulo limati pulani ya chitsulo chotere iperekedwe kumeneko, ndipo chimene chili m'galimoto chifanane nayo ndendende. Chikasiyana, zonse zimene galimotoyo yapambana zimafafanizidwa.

Lachiwiri pa 20 Epulo Adrian anaimika Merv pantchito n'kutiuza tonse kuti pasapezeke wolankhula ndi banja la a Tuckwell. Pa 30 Epulo maloya ake anakasuma ku khoti lalikulu mu Melbourne, kuti a Thorburn anaba chinsinsi cha mkono wathu kudzera mwa Dimi. Pulani ya Callum anaitsekera m'envulopu yomata, yoti isatsegulidwe mpaka pamaso pa oweruza, ndipo zidutswa za m'ndowa zija anaziika m'mapepala apulasitiki olembedwa manambala.

Lachinayi pa 6 Meyi, 7 koloko m'mawa, anthu asanu anafika ku Noble Park ndi chilolezo cha khoti chochitira chipikisheni. Anakhala maola asanu. Anatenga makompyuta awiri, mafoni awiri, makope atatu, ndi buku la maphikidwe la amayi ake a Dimi, lolembedwa pamanja m'Chigiriki, chifukwa munali manambala ambiri amene loya wamng'ono sanawamvetse. Dimi anawaphikira khofi onse asanu. Merv anakhala pamasitepe akuseri nthawi yonseyo, akuyang'ana mtengo wa mandimu.

Dimi anafotokoza mbali yake m'chikalata cholumbira cha masamba atatu. Anati nthiti ija si ya a Vassallo kapena a Thorburn, koma ya Kurek, amene ankaiika m'mphanda za zokokera ngolo za mahatchi, ndipo anamuphunzitsa iye mu 1982. Mikono ya a Thorburn itayamba kung'aluka, iye anaikumbukira, anauza injiniya wawo kuti aijambule, ndipo pulani yawo inaperekedwa ku bungwe pa 9 Febuluwale 2010. Vuto linali lakuti Kurek sankalemba kanthu, anamwalira mu 1998, ndipo pamene panali galaja yake tsopano amagulitsapo matailosi. Maloya a Adrian anayankha kuti nkhaniyo ndi yokoma, koma nthiti inaonekera kwa a Thorburn pasanathe miyezi inayi chipambanireni cha a Vassallo, m'manja mwa mayi amene amagona chipinda chimodzi ndi amene anawotcherera yathu.

Iwo ankafunanso kuti Merv asayine chikalata chonena kuti mikono yonse 14 anaipanga motsatira pulani ya Callum. Anamuitana katatu. Koyamba anati waiwala magalasi. Kachiwiri anati magalasi abwera koma ndi a mkazi wake. Kachitatu sanabwere, akuti galu wa anansi wadwala.

Panthawiyi Dimi anali atakhala kunyumba kuyambira pa 3 Meyi, a Thorburn atamupempha kuti apume kaye. Nyuzipepala ya za magalimoto inatulutsa chithunzi chake pansi pa mawu akuti kazitape. Anthu amene iye anawawotchererapo zitsulo kwaulere magalimoto awo atasweka, a matimu onse, anayamba kuwoloka msewu akamuona. Ntchito yathu ndi ya mudzi waung'ono. Matimu alipo khumi ndi awiri, ndipo munthu amene watchedwa wakuba pulani salembedwanso ndi iliyonse.

Lachinayi pa 27 Meyi ndinamva Adrian akulankhula pafoni chitseko chili chotsegula. Rod Thorburn, mwini timu inayo, anali atatopa ndi mlandu. Anavomera kuchotsa Dimi ntchito ndi kusiya kugwiritsa ntchito mkonowo, ndipo ife tichotse mlandu m'khoti. Zimenezi zikanenedwa kwa oweruza Lolemba pa 7 Juni, envulopu ibwezedwa yosatsegula. Palibe amene adzanene poyera kuti Dimi anaba, komanso palibe amene adzanene kuti sanabe.

Masana amenewo ndinatsegula buku la 2009. Pa khadi limene Callum anandipatsa kale panalembedwa kuti mkono, malinga ndi pulani, uyenera kulemera magalamu 1,412. Mikono ya Merv yonse 14 ndinailemba 1,450, kupatula umodzi umene unali 1,451. Ndinali nditaona zimenezi nthawi imeneyo, ndipo nditamufunsa anandiyankha kuti chitsulo cha masiku ano chimanenepa ngati anthu ake. Ndinaseka n'kuzisiya. Kumeneko kunali kulakwa kwanga, ndipo ndikulemba kuti kudziwike.

Lamulo la Adrian ndinalisunga masiku 39. Loweruka pa 29 Meyi m'mawa ndinapita ku Noble Park. Dimi anali atapita kwa amayi ake ku Oakleigh. Merv ndinamupeza m'shedi akukonza geti ya anansi, ataonda, ndevu zosameta. Ndinaika buku pabenchi n'kulitsegula.

"Magalamu 38, Merv."

"Ndi penti imeneyo."

"Ndimayeza usanapake penti."

"Ndiye sikelo yako yakalamba, Glen. Ngati mwini wake."

"Sikelo yanga imapimidwa Januwale aliyense. Nthiti ija imalemera bwanji?"

Anavula magolovesi mwapang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, n'kukhala pa chitini cha penti. Anandiuza kuti pulani ya Callum mulibe nthiti. Mnyamatayo anangochepetsa khungu la chitsulo n'kusintha kapindidwe ka mphanda. Merv ataiona anadziwa kuti ing'aluka isanakwane makilomita 600, ndipo anamuuza. Callum anamuonetsa zithunzi zamitundumitundu pakompyuta, zonse zobiriwira, kusonyeza kuti chitsulo chilimba. Merv anagwedeza mutu movomereza, anabwerera pabenchi yake, anadula kachitsulo monga anachitira Kurek, anakaika mkati n'kutseka. Kunja sikankaoneka. Iye anati kompyuta sinakwerepo mwala wa pa kona yachinayi, ndipo sakanalola kuti mwana wa munthu akwere galimoto ya mkono umene iye sakuukhulupirira.

Ndinamufunsa chifukwa chake sananene atangoona ndowa ija. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Akanena, bungwe lidziwa kuti mkono umene unapambana Chikho cha Kumwera sunafanane ndi pulani, ndipo chikho chibwezedwa. A Charlie anamulemba ntchito mu 1986 dzanja lake lili m'pulasitala, osadziwa ngati lidzagwiranso. Akazi awo, a Carmen, anamwalira mu Malichi 2009, miyezi isanu ndi iwiri chikho chisanabwere, ndipo mkuluyo anachiika pashelefu pambali pa chithunzi chawo. Merv ankaganiza kuti mlandu ungozirala wokha, poti chipikisheni sichinapeze kanthu.

Ndinamuuza zimene ndinamva pafoni ya Adrian. Sanali kudziwa. Dimi anali atauzidwa ndi loya wake Lachisanu, koma kunyumba sananene, poti geti inali itatsekedwa.

"Ine sindinama, Merv," ndinatero. "Akandifunsa ndiwerenga zimene zili m'bukumu. Koma pa 7 Juni palibe amene andifunse. Watsala ndi masiku asanu ndi anayi."

Anatenga masiku asanu ndi atatu. Lamulungu pa 6 Juni anandiimbira foni 8 koloko m'mawa kundipempha kuti ndibwere ndi buku, tikupita kwa a Charlie ku St Albans. Ankayendetsa ndi Dimi. Merv anakhala kumbuyo, atavala malaya amene anavala pa ukwati wa mwana wawo. Tili pamsewu waukulu anandiuza kuti wamufotokozera mkazi wake zonse pa tiyi wa m'mawa. Ndinafunsa Dimi kuti analandira bwanji.

"Ndinadziwa tsiku la ndowa lomwelo," anatero, maso ali pamsewu. "Timabowo titatu tija. Callum akanatidziwira kuti? Ndipo munthu uyu chibadwire sanatsatepo pulani. Shelefu ya kukhitchini kwathu inabwera ndi kabuku kake, iye anapachika chadodolido n'kunena kuti a kufakitale analakwitsa."

"Ikadalipo shelefuyo," anatero Merv kumbuyo.

"Khala chete iwe, lero si tsiku lako."

Ndinafunsa Dimi chifukwa chake sananene yekha m'chikalata chake. Anati iye akanena, ndiye wakuba amene akufuna kupulumuka pogwetsa mwamuna wake ndi nkhalamba yoferedwa, ndipo analibe umboni, poti pulaniyo sanaionepo. Anawonjezera kuti ankafunanso kuona kuti bamboyu atenga masiku angati. Ndinamuuza kuti kuchokera pa 18 Epulo ndi masiku 49. Anati iye ankayembekezera 30, ndipo otsalawo akambirana kunyumba. Kenako anatambasula dzanja kumbuyo osatembenuka, Merv n'kuligwira, ndipo anayendetsa ndi dzanja limodzi mpaka tinawoloka mlatho.

A Charlie, a zaka 74, anali atangobwera ku Misa. Ataona Dimi pakhomo anaima kaye, kenako anatilowetsa tonse n'kutulutsa mu uvuni mapastizzi, timabanzi ta Chimalta, a tchizi ndi a nsawawa, ndi tiyi wa m'matambula. Chikho chinali pashelefu, chopukutidwa bwino. Merv analankhula chiimire kwa mphindi zisanu ndi ziwiri. Atamaliza, a Charlie anandipempha buku. Anavala magalasi n'kutsata mizere yonse 14 ndi chala, mmodzimmodzi. Pamzere wa 1,451 anaima n'kundiyang'ana, ine ndinati tsiku limenelo Merv anali ndi chimfine.

"Ndiye ukundiuza kuti chikho changa chinabwera ndi chitsulo cha ngolo ya mahatchi."

"Inde, bwana."

"Ndipo mnyamata wa kompyuta uja ndinamugulira wotchi. Yolembedwa dzina kumbuyo."

"Anagwira ntchito, bwana. Kapindidwe kake kanali kabwino."

"Usamuikire kumbuyo, iwenso uli m'madzi."

A Charlie anatseka buku. Kenako anafunsa Dimi kuti chidzachitike n'chiyani ngati iwo mawa angokhala pansi osanena kanthu. Dimi anati adzawotcherera mageti ndi mipando ya m'minda, ntchitoyo ilipo yambiri, ndipo sanabwere kudzapempha. A Charlie anati akudziwa kuti sanabwere kudzapempha, anamudziwa ali mtsikana wa ovololo yaikulu kuposa thupi lake, ndipo mu 1999 ku Winton anawawotcherera galimoto yawo itasweka pomwe iye anali kale wa a Thorburn. Anavomera kuti nkhani ya mlanduyi sanaikonde chiyambire, koma anali atamupatsa mwana timu, ndipo sankafuna kukhala bambo wopereka ndi dzanja ili n'kulanda ndi linalo.

Anatembenukira kwa Merv. "Chitsiru iwe. Masabata asanu ndi awiri mkazi wako akutukwanidwa chifukwa cha chitini changa. Unandifunsa ine?"

"Ndinkadziwa kuti mumachikonda."

"Ndimachikonda, usanamizidwe. Mawa ndichilira ngati mwana. Koma Carmen akanamva kuti chili pambali pake chifukwa cha zimenezi, akanachiponyera pawindo, iwe n'kukutsatiza."

Anatiuza kuti timalize mapastizzi, poti sayenera kuzizira, iwo n'kulowa kuchipinda kukaimbira foni Adrian. Tinamva chilankhulo cha kwawo, Chimalta, chokhachokha kwa theka la ola. Mawu a mkuluyo sanakwere ngakhale kamodzi.

Lolemba pa 7 Juni khoti linakhala 10:30. Oweruza anali mayi wa imvi, wolankhula motsitsa, amene ankayembekeza kumva kuti mbali ziwirizi zagwirizana. Loya wamkulu wa a Vassallo anaimirira nkhope itagwa, n'kunena kuti walandira malangizo atsopano kuchokera kwa mwini timu, ndipo akupempha kuti envulopu itsegulidwe. Loya wa a Thorburn anayang'ana Rod, Rod anayang'ana kudenga. Kalaliki anadula envulopu ndi kampeni. Oweruza anayala pulani patebulo, anaitanitsa zidutswa ziwiri zija, anaziika pambali pake, ndipo anayang'ana uku ndi uku kwa mphindi zitatu. Anati iwo si injiniya, choncho wina awathandize kupeza pamene pali nthiti papepalali. Panalibe amene anaimirira.

Merv analumbira n'kufotokoza monga anafotokozera kwa a Charlie, koma mwachidule. Oweruza anamufunsa ngati anauzapo mkazi wake za nthitiyo nthawi ina iliyonse isanafike dzulo. Anati ayi, poti kumuuza Dimi za nthiti ya Kurek kuli ngati kumuuza dzina la amayi ake, ndipo pa awiriwo amene ankaiwotcherera bwino ndi Dimiyo, Kurek mwini anatero pamaso pa makasitomala. Anamufunsanso ngati akumvetsa zimene umboni wakewo umubweretsere ku bungwe la mpikisano. Anati akumvetsa. Ine ndinaitanidwa pambuyo pake n'kuwerenga manambala 14, ndi tsiku limene ndinayeza uliwonse.

Oweruza anati monga akumvera, chinsinsi chimene akuti chinabedwa sichili papepala, ndipo chimene chili papepala sichinalowepo m'galimoto iliyonse. Anafunsa ngati panali wina ku timu yathu amene anayerekezapo pulani ndi chitsulo asanabwere kukhoti. Loya wathu anati pulaniyo inali yachinsinsi kwambiri. Nthawi ili 11:52 mlandu unathetsedwa. Loya wa Dimi anapempha chinthu chimodzi, ndipo oweruza anavomera kuchilemba m'chigamulo ndi mawu awoawo: kuti palibe umboni uliwonse woti mayi Dimitra Tuckwell anatenga, anaona kapena anauzidwa chilichonse cha a Vassallo.

Pakhonde Adrian anabwera kwa Dimi, makutu ali psuu, n'kuyamba chiganizo katatu osachimaliza. Dimi anamudikira. Atakwanitsa kupepesa, anamuuza kuti wamva, ndipo kuti zinthu zake zonse zifike ku Noble Park pofika Lachisanu, iye mwini ndiye abweretse, asatume munthu. Anabweretsa Lachinayi. Rod Thorburn anapepesa pafoni, ndipo Dimi anamusiya alankhule mpaka mawu anamuthera. Anabwerera kuntchito Lachiwiri pa 15 Juni, poti Lolemba linali la tchuthi. Nyuzipepala ija inalemba za chigamulo patsamba 31, m'mizere isanu ndi umodzi. Merv anagula makope khumi.

Bungwe linagamula pa 22 Juni. Zonse zimene galimoto yathu inapambana mu 2009 ndi kumayambiriro kwa 2010 zinafafanizidwa, Chikho cha Kumwera chinapita kwa timu ya ku Queensland imene inali yachiwiri, ndipo Merv analetsedwa kulowa m'magalaja a pa mpikisano kwa miyezi khumi ndi iwiri. A bungwe anati atumiza munthu kudzatenga chikho. A Charlie anakana, ati chinabwera m'manja mwawo ndipo chipita m'manja mwawo.

Lachisanu pa 25 Juni Merv anawatenga pa galimoto yake ya bokosi, ine ndili pakati, poti ankafuna mboni yolemba nthawi. A Charlie anachifungatira chikho pamiyendo njira yonse. Tili pamaloboti ku Footscray anauza Merv kuti Lolemba abwere kuntchito. Pa mpikisano sangapite, koma kugalaja yathu palibe amene wamuletsa, ndipo kuyambira tsopano chilichonse chimene awotcherere chijambulidwe kaye, Glenys ayeze, kusiyana kukaposa magalamu awiri aitanidwe apolisi. Merv anati awiri ndi ochepa. A Charlie anati ndiye limodzi. Kenako anafunsa za Dimi.

"Ali bwino, bwana. Dzulo anandisiyira theka la keke."

"Wakukhululukira?"

"Akuti akuwerengabe masiku."

Ku ofesi ya bungwe mtsikana wa pakauntala anapempha kuti tidikire, akaitane woyenera kulandira. A Charlie anaika chikho pakauntala n'kuchipukuta ndi mkono wa jekete pamene panali zala zawo. Analira monga ananenera, mosabisa, n'kumina m'kampango. Merv anayang'ana pansi, kenako anayang'ana chikho, ndipo ndinaona maso ake akuima pa chogwirira chakumanja. Anachigwedeza pang'ono ndi chala. Chinkasewera.

"Amene anawotcherera apa ankathamangira kunyumba," anatero motsitsa. "Mutandipatsa mphindi makumi awiri, bwana, zida zili m'galimoto."

A Charlie anamumenya pa dzanja.

"Uchisiye mmene chilili," anatero. Woyenera kulandira uja anatuluka 11:20, ndipo anasayina ndi cholembera changa.